Wojambula mapulani a nyumba angapange pulogalamu ya pa foni?

Mnyamata wina wa ku Highfield mumzinda wa Harare, amene akuphunzira kujambula mapulani a nyumba, wanditumizira imelo. Akuti anzake akumukopa kuti azipanga nawo magemu ndi mapulogalamu a pa foni, ndiye akufunsa ngati sukulu yakeyo ilowe m'madzi.

Siilowa m'madzi, mphwanga. Zambiri za pakompyuta anazibwereka kwa omanga. Firewall, chotchinga choteteza kompyuta kwa olowerera, poyamba linali khoma lenileni, lotchinga moto kuti usalumphire nyumba yoyandikana. Desikitopu ya mafoda ndi mapepala ija a kampani ya Xerox anaionera pa tebulo la mu ofesi, n'kuiika pa makina awo a Star mu 1981.

Koma kubwereka kwina n'kopusa. Mu 1995 a Microsoft anatulutsa Bob, pulogalamu yooneka ngati m'nyumba: zipinda, zitseko, ndi kagalu kokulondolera. Ukafuna kalendala unkadina kalendala yopachika pakhoma. Anthu sanaifune, ndipo chaka chotsatira anasiya kuigulitsa.

Ukalowa m'tawuni ukaime pa Eastgate, chinyumba cha masitolo ndi maofesi. Mick Pearce, amene anajambula nyumbayi (inatsegulidwa mu 1996), anaphunzira ku chulu cha chiswe, komatu sioneka ngati chulu. Iye anatengako kayendedwe ka mpweya basi. Usiku mafani amakoka mpweya wozizira, konkire n'kusunga kuzizirako, masana wotentha umakwera n'kutulukira m'machumuni a padenga. Opanga Bob aja akanapatsidwa ntchitoyi, bwenzi ataunjika dothi pakati pa Harare.

Chimene iwe uli nacho, chomwe anzakowo mwina alibe, n'kudziwa mmene munthu amapezera njira. Kevin Lynch, katswiri wa mapulani a mizinda wa ku America, anapempha anthu a ku Boston, Jersey City ndi Los Angeles kuti ajambule mizinda yawo kuchokera m'mutu, ndipo mu 1960 analemba kuti amagwira zinthu zisanu: njira, malire, madera, mphambano ndi zizindikiro zoonekera patali. Malemu agogo anga, ochokera ku Dedza, sankatha kuwerenga dzina la msewu ngakhale limodzi, koma sanasocherepo. Ankangoyang'ana kumene kuli Kopje, kaphiri ka mu Harare, n'kudziwa kolowera ku Mbare Musika.

Gemu kapena pulogalamu yopanda Kopje yake imasocheretsa. Mukapanga yanuyo, kawapatse azakhali ako foni, uwauze kuti abwerere pamene anayambira, iwe ukhale chete uzingoyang'ana chala chawo. Pamene chaima m'malere, pamenepo ndiye mwaiwala chitseko.