Njingayo iime, musaigoneke

Eya achemwali, mwaswera bwanji kumudziko? Pepani ndachedwa kuyankha, tinali pamsewu kuyambira m'mamawa, pano ndi pamene tafika ku Mzuzu. Uthenga wanu ndaumva, wa alamu ndaumvanso. Kulemba sindingathe, zala zili girizi yekhayekha, ndiye ndingoyankhula. Mumvetsere mpaka kumapeto, kenako mumupatsenso mphwangayo amve yekha, chifukwa njinga ndi yake.

Mwati mnyamatayu wagula njinga yamoto ya Boxer yatsopano ku Lilongwe, ikufunika ifike ku Golomoti Loweruka, ndipo mukufunsa ngati aikweze pa Hilux ya alamu kapena pa kangolo kaja ka aneba anu kokoka ndi galimoto. Alamu nawo akuti angoyala matiresi, aigoneke chammbali ngati mbuzi yopita kumsika. Alamu, ndi ulemu wonse, ayi. Ikwere pa Hilux, ndipo iime chilili, ngati pali munthu wakhalapo.

Chogoneka njinga ndinachiona ndekha, si zongomva. Mu 2016 ndinanyamula njinga ya aphunzitsi ena amene ankasamuka, tinaigoneka pamwamba pa matumba a ufa, tikuti pofewa sipangawonongeke kanthu. Pofika, ufa wonse kununkha petulo, matumba atatu kutaya. Paja chivindikiro cha thanki chili ndi kabowo kopumira, kabureta nayo ili ndi kapaipi kake kotayira, ndiye njinga ikagona petulo amangodontha pang'onopang'ono njira yonse. Oyilo wa mu injini naye amayenda kupita kumene sakuyenera, tinakamupeza mu fiyuta ya mpweya. Kuiliza njinga ija, utsi ngati tikuotcha makala. Batire ikakhala ija ya madzi, asidi amatayikira pa fulemu, penti kuthetheka. Osanenanso za indiketa yothyoka ndi kachitsulo ka kilatchi kopindika. Aphunzitsi aja mpaka lero tikakumana amandipatsa moni wa mbali imodzi.

Ndiye tiyambe ndi kukweza. Boxer imalemera makilo cha m'ma 120, si katundu wonyamula anthu awiri mongodzitama. Pezani thabwa lochindikala, lalitali bwino, loposa mamita awiri, lisakhale lija la kabokosi. Likafupika chitunda chimakula, pansi pa injini pamakakhula m'mphepete mwa chitseko. Thabwalo mulimange kaye ku galimoto ndi chingwe, chifukwa tayala lakumbuyo likangoligunda limathawa, njinga n'kugwera munthu. Koma nzeru yabwino kuposa zonse ndi kufunafuna malo okwera, khonde la sitolo lija lotalika, kapena mtunda wa m'mbali mwa ngalande, galimoto ibwerere chambuyo mpaka chitseko chifanane ndi mtundawo. Pamenepo mumangoikankha ngati mukuilowetsa m'nyumba. Kumudzi potsitsa, chulu chija cha kuseri kwa khola chigwira ntchito yomweyo. Injini ikhale yozima, anthu atatu, mmodzi pa mahandulo chala chili pa buleki, mmodzi kumbuyo, wina pamwamba wolandira. Mphwanga, ndikukudziwa iwe, usayerekeze kukwera thabwalo uli pampando injini ikulira ngati za pa Facebook zija. Ukaphonya pang'ono ukalowa pa galasi lakumbuyo la alamu ndi mutu.

Tsopano Hilux ya alamu ndi ija ya zitseko zinayi, bodi yake ndi yaifupi, mwina mita imodzi ndi theka, pamene njinga ndi mamita awiri. Ena amaipingasa, tayala lakutsogolo pakona iyi lakumbuyo pakona inayo, kuti chitseko chitsekeke. Zimatheka, koma kumanga kwake kumavuta chifukwa malamba amakoka mosiyana. Ine ndimakonda iwongoke pakati penipeni, tayala lakutsogolo ligunde khoma la bodi kuseri kwa kabini, chitseko chikhale chotsegula. Thabwa lomwe lija mwakwezera muliyale pansi pa matayala, kuti kulemera kusagwere pa chitseko chokha. Kumchira kwa njinga mumangeko kansalu kofiira, apolisi asapezepo poyambira.

Ikaima chonchi, tsekani petulo pa kampopi kaja ka pansi pa thanki, muloze pa OFF. Thanki isakhale yodzadza, lita imodzi kapena awiri akwana, wina akathira ku Golomoti. Ikani giya wani. Buleki yakutsogolo muifinye n'kuimanga ndi kamphira kuti ikhale yogwira. Magalasi masulani, sipanala imodzi basi, muwakulunge mu chitenje alowe kutsogolo. Makiyi m'thumba, osawasiya pa njinga.

Apa ndi pamene pali nkhani yonse, achemwali, pa kamangidwe. Sitandi, kaya yammbali kaya yapakati, ikwezedwe. Ndikudziwa zimaoneka zachilendo, munthu amati sitandi ndiye mwendo wa njinga, tiichotserenji. Koma taganizani, galimoto ikagwa m'dzenje, mphamvu yonse ija imakathera pa kachitsulo kamodzi. Kamapindika, kapena kamaboola bodi, kapenanso njinga imadumpha sitandi n'kudzipinda yokha, ndiye malamba onse amasanduka olendewera. Njinga iimire pa matayala ake, mashoko ake agwire ntchito, malamba ndiwo akhale miyendo.

Malamba akhale anayi, aja okhwimitsa ndi kachitsulo kolira kuti kete kete. Awiri kutsogolo, lina kumanja lina kumanzere, ochokera pa njinga kupita kumakona akutsogolo a bodi, kuti azikokera pansi, kutsogolo, komanso kumbali. Pomanga pa njinga ndi pa chitsulo chija chagwira mashoko awiri akutsogolo, pansi pa nyali. Pakavuta, pa handulo koma pafupi ndi pakati, osati kumapeto kogwira manja, handulo imapindika. Muonetsetse kuti lamba sanapane waya wa kilatchi, wa mafuta, kapena mawaya a magetsi. Pamene lamba akukhudza penti ikanipo kasanza.

Pokhwimitsa, mphwanga akhale pampando aigwire mowongoka, wina azikoka uku pang'ono, uko pang'ono, mosinthanasinthana. Mukamaliza mbali imodzi yonse kaye njinga ipendekeka. Mashoko akutsogolo atsike, koma asafike pansi. Atsike mwina gawo limodzi mwa magawo atatu, pakachuluka theka. Chifukwa chake n'chakuti sipuling'i ya m'kati ikafinyika imakankhira m'mwamba, ndiye lamba amakhala wokungika nthawi zonse. Mukapanda kufinya, pa hampu mashoko amatsika okha, lamba n'kukhwefuka kanthawi kochepa, ngowe n'kuvuka. Mukafinyanso mpaka kumapeto, mumavutitsa timphira totseka oyilo wa m'mashoko, njinga yatsopano n'kuyamba kulira misozi ya oyilo isanagwire ndi ntchito yomwe. Malamba awiri akumbuyo mumange pa fulemu kapena pa keriya pamene yagwirana ndi fulemu, kukokera kumakona akumbuyo. Amenewo osakhwimitsa kwambiri, ntchito yake ndi kuletsa mchira kuvina. Zotsala za malamba muzipinde n'kuzimanga, zisamauluke.

Mukamaliza, gwirani handulo muigwedeze mwamphamvu. Igwedezeke ndi galimoto yonse. Ikagwedezeka njinga yokha galimoto ili phee, simunamange.

Za mphira zodula ku machubu zija, ndikudziwa ndi zimene tinakulira, timamangira nazo makala ndi nkhuni pa njinga yakapalasa. Apa ayi. Mphira imatamuka, ndiye pokhota njinga imapita nayo n'kubwerera ngati legeni. Chingwe cha khonje chimadyeka ndi m'mphepete mwa chitsulo. Zikavutitsitsa, chingwe cha nayiloni chochindikala, womanga akhale munthu wodziwa mfundo ija ya madalaivala a malole. Koma malamba alipo, ndinena kumapeto.

Lona musafunditse. Mphepo imaikupiza njira yonse, fumbi lili m'kati, pofika thanki yachita ngati mwaikwecha ndi mchenga. Njinga siopa mvula. Ndipo achemwali, ndakumvani mukuti pobwera atengeko feteleza ndi malata awiri. Feteleza matumba awiri m'mbali mwa matayala palibe vuto, amathandizanso kuti tayala lisatsetsereke, bola ekizozi ikhale yozizira. Malata ayi, adzabwera ulendo wina, amadula lamba ngati lumo.

Chimene ndikukanitsitsa ndi ichi, kumbuyo kusakhale munthu. Zija timaziona pamsewu, mnyamata wakhala pa njinga pamwamba pa pikapu akuti akuigwirira. Agwira chiyani? Dalaivala akaponda buleki mwadzidzidzi chifukwa cha ng'ombe, makilo 120 aja amabwera ndi mphamvu yoposa pamenepo kutalitali, palibe mkono ungaletse. Mphwanga akhale kutsogolo amange lamba, aziyang'ana chuma chake pa galasi.

Kangolo ka aneba kaja, tinene mwachidule. Sikuti ngolo ndi yoipa. Ngolo yopangidwira njinga, yokhala ndi ngalande yolowetsamo tayala, ndi yabwino kuposa pikapu chifukwa ili pafupi ndi pansi, kukweza sikuvuta. Koma kaja ndinakaona pa maliro a agogo, n'kowotcherera pa msika, kalibe mabuleki, nyali zake sizinkayaka, matayala ake anachita ming'alu ndi dzuwa. Masipuling'i ake anapangira matumba a chimanga, ndiye mukaikapo njinga yokha kamangodumpha ngati chule. Komanso ngolo ili ndi lamulo lake, katundu wolemera akhale kutsogolo pang'ono kwa ekiselo kuti mphuno yake izipsinja pa chokolera cha galimoto. Kulemera kukapita kumbuyo imayamba kupukusa mchira, liwiro likakwera imakoka ndi galimoto yomwe. Pamafunikanso tcheni chachitetezo kuti chokolera chikavuka isathawe yokha. Pa msewu wa Salima mwina ndikanati yesani pang'onopang'ono. Koma inu mukutsika Khwekhwelere. Makona aja, phompho lili apo, ngolo yopanda mabuleki ikukukankhani kumbuyo, ayi, athokozeni aneba mwaulemu, muwauze kuti galimoto yapezeka.

Pa ulendo, nyamukani m'mawa, musatsike phiri lija kutada. Mukafika pa Nathenje imani, gwirani lamba aliyense. Nthawi zonse amakhwefuka pa makilomita oyambirira chifukwa njinga imakhala ikukhazikika. Pa toll gate ya Kalinyeke mukhale ndi ndalama yokonzeka, mukadutsa pa Dedza muyang'anenso. Koma poima pofunika kwambiri ndi pa Masasa, musanakhote kusiya M1. Pamenepo tsikani nonse, kungani malamba onse anayi, makamaka akumbuyo, poti potsika ndi pamene mchira umafuna kunyamuka. Alamu, inu ndi dalaivala wakale sindingakuphunzitseni, koma giya thuu, injini izigwira galimoto, phazi lisagone pa buleki mpaka kununkha. Pa makona lowani mofatsa, njinga yoima ndi katundu wamtali, imakoka kumbali.

Mapepala musaiwale. Njinga zikubedwa kwambiri masiku ano, ndiye apolisi pa roadblock akaona njinga yopanda nambala pa pikapu amafunsa, ndipo akulondola kufunsa. Lisiti yogulira ikhale m'manja, yolembedwa dzina la mphwanga, ndi chiphaso chake cha unzika. Musanachoke pa sitolo, werengani nambala ya injini ndi ya chasisi pa njinga penipeni, mufanizire ndi zimene alemba pa pepala, chilembo ndi chilembo. Akalakwitsa nambala imodzi mudzavutika nayo ku Road Traffic polembetsa. Ujambulenso mapepalawo pa foni, mphwanga, utumize muno mu gulu kuti akasowa tikhale nawo.

Ndamvanso kuti anzake akumuuza kuti angoikwera yekha kuchokera ku Lilongwe, asunge ndalama ya dizilo. Laisensi alibe, nambala palibe, inshulansi palibe, injini ndi yatsopano yofunika kuizoloweza pang'onopang'ono, ndipo msewu wa M1 ndi malole ake aja si pophunzirira. Ndalama ya dizilo ndithandizako ine, ndatumiza kale kwa alamu pa foni, aone uthenga. Yotsala agulire helemeti, ziwiri, ina ya wokwera, poti akuti akufuna kabaza.

Malamba aja ali kunyumba kwanga ku Kawale. Mphwanga apite Lachisanu madzulo, mayi akunyumba ndawauza kale, ali m'chikwama chabuluu pansi pa bedi, anayi, ndi thabwa lili kuseri kwa bafa. Mukamanga mujambule mbali zonse ziwiri ndi kumbuyo, munditumizire musanalize galimoto, ndione ndekha. Ndipo achemwali, malamba amenewo abwerenso anayi. Aja ndinabwereketsa alamu chaka chatha ndinakawapeza akumangira mbuzi.