Za chithunzi cha Fisk Jubilee Singers chija

Achemwali mwafunsa kuti bwanji oimba a pa chithunzi chakale mwaposita chija angoti ndwii osamwetulira, komanso ngati anali olemera poti atchena chonchija. Kulemera ayi ndithu. Amenewo ndi a Fisk Jubilee Singers a ku Nashville ku America, ana a sukulu a pa Fisk University, ndipo ambiri mwa iwo anabadwira mu ukapolo. Ananyamuka mu 1871 alipo 9, anyamata 4 atsikana 5, kumayenda mtauni ndi mtauni kuimba kuti apeze ndalama sukulu yawo isatsekedwe.

Ena ayankha kale kuti makamera akale ankachedwa kujambula, eya zoona, m'masitudiyo munkakhala kachitsulo kogwira mutu kumbuyo kuti munthu usagwedezeke. Koma pofika zaka zimenezo zinali za masekondi chabe, ndiye tisangonamizira kamera yokha.

Taganizani zomwe azungu ankaonera nthawi imeneyo akamva zoti kuli nyimbo za anthu akuda. Anali ma minstrel show, mzungu kudzipaka zakuda kumaso, milomo kuikulitsa ndi penti, mano onse panja, nkumavina mopusa kuti holo yonse ife nazo kuseka. Ndiye ana awa akukaima kutsogolo kwa kamera akudziwa bwino lomwe kuti chithunzicho chiyenda kutali, chionedwa ndi anthu omwe sanawamvepo akuimba. Tachikulitsani pa foni muone, atsikana madiresi aatali otseka mpaka m'khosi, tsitsi lokonza bwino, anyamata majekete ndi kolala yoyera, msana chilili. Palibe wakweza mwendo, palibe akuchita zisudzo. Kwa ine nkhope zimenezo zikunena kuti ife si choseketsa chanu, ndife ophunzira, mutimvere ndi ulemu. Ndipo zinathekadi, mu 1873 anakaimbira Mfumukazi Victoria ku England, ndalama za maulendowo nzomwe zinamangira nyumba ya pa Fisk University yotchedwa Jubilee Hall yomwe ilipobe mpaka pano.

Koma sikuti nthawi zonse woimba ndi amene ankasankha maonekedwe ake, apa mpomwe pamandiwawa. Mu 1891 kwaya ya ku South Africa yotchedwa African Choir inapita ku Britain, munali Charlotte Manye yemwe anadzatchuka ndi dzina loti Maxeke pomenyera ufulu wa anthu akuda. Anali akhristu ophunzira m'sukulu za mishoni, zovala zachizungu ankavala kale kwawo, koma pa zithunzi zambiri zomwe anajambulidwa ku London Stereoscopic Company avala zikopa, mabulangete ndi mikanda poti oonera kumeneko ankafuna kuona Africa yomwe anali nayo kale m'mutu. Pa siteji ankachita kusintha, gawo lina zachikuda gawo lina zachizungu. Kazisakeni pa intaneti zilipo, muziike pambali pa cha Fisk chija, muyang'ane chovala chilichonse nkudzifunsa kuti anasankha ndi woimbayo kapena wogulitsa matikiti.