Funsani a Dalaivala: Andituma motorhome ku Joni, koma N1 ikundiopsa

FUNSO

Zikomo a Dalaivala. Ine ndimakhala ku Chibavi kuno ku Mzuzu, ndimayendetsa Sienta pakati pa Mzuzu ndi Nkhata Bay. Alamu anga amene ali ku Joni agula motorhome yakale, zigalimoto zija zokhala ndi bedi, sitovu ndi chimbudzi mkati. Akuti azibwereketsa alendo opita kunyanja. Andipempha ndipite pa basi ndikaitenge ku Boksburg, tauni ya kum'mawa kwa Joni. Ndinavomera msanga, koma atanditumizira kanema wa msewu wa N1 pa WhatsApp, tulo sindikutiona. Mizere inayi mbali imodzi, aliyense ali pa liwiro. Ine chipwirikiti chimene ndimachidziwa ndi cha pa Katoto madzulo basi. Kodi ndikane?

Dalaivala wa ku Chibavi

YANKHO

Musakane achimwene, koma musananyamuke tulutsani laisensi yanu muione. Ngati ndi ya B, imakulolani galimoto yosapitirira makilogalamu 3,500 itasenza zonse. Ma motorhome ena amakhala pansi pa malire amenewa, ena amapitirira ndipo amafuna C1. Auzeni alamu anu ajambule kachitsulo kolembedwa kulemera kwa galimotoyo, kamene kamakhala pa mphuthu ya chitseko kapena kuinjini, akutumizireni. Nambala ikakhala yoposa 3,500 ndipo inu muli ndi B yokha, ulendo wathera pomwepo mpaka mutakonza laisensi.

Tsopano za manthawo. Ine m'misewu ya ku Joni ndinadutsamo ndi thiraki zaka zimene ndinkatenga katundu, ndipo chimene chimatopetsa munthu kumeneko ndi kufuna kufanana ndi anzako. Magalimoto ang'onoang'ono amaloledwa 120 pa ola, ndipo ambiri amathamangadi choncho. Inu wa chigalimoto chachitali mukaona onse akukupitirirani, mtima umayamba kukuuzani kuti mukuchedwetsa dziko lonse, phazi n'kumalemera lokha pa mafuta. Musaumvere. Mathiraki akuluakulu kumeneko malire awo ndi 80, ndipo amayenda msewu womwewo tsiku ndi tsiku. Khalani nawo limodzi kumanzere, pa 80 kapena 90, othamangawo azidutsa kumanja. Mwayi wanu ndi wakuti ku South Africa amayendera kumanzere ngati kwathu kuno, chiwongolero chili mbali yomwe munazolowera.

Pa 80, sekondi iliyonse mwadutsa mamita 22. Sienta yanu mukaiponda buleki imamva msanga, koma motorhome imabwera ndi bedi, makabati, firiji ndi thanki ya madzi kumbuyo kwanu, zonsezo zikukankha. Choncho siyani mpata wa masekondi anayi pakati pa inu ndi wapatsogolo. Kuwerenga kwake n'kosavuta: iye akadutsa pansi pa mlatho yambani kuwerenga, ndipo inu musafike pa mlathowo musanakwane zinayi. Mvula ikamagwa onjezerani.

Apa ndi pamene pagona vuto lenileni. Mpata umene mwausiyawo, wa minibasi auona ngati malo amene mwamusungira. Alowa, nthawi zina popanda indiketa. Inu mubwerere m'mbuyo pang'ono mutsegulenso mpata. Alowa wina. Mubwererenso. Kachitatu magazi amawira, dzanja limapita pa hutala, ndipo munthu umafuna kumamatira kumbuyo kwa wapatsogolo kuti pasalowenso wina. Madalaivala ambiri amene ndinawaona atagunda mnzawo kumbuyo anagundira pa mkwiyo umenewu. Aliyense wolowa patsogolo panu akukuchotserani masekondi awiri okha, pa ulendo wa masiku angapo. Alekeni alowe. Inunso a ma Sienta mumatichita zomwezo pa Katoto, ndiye musadabwe kwambiri.

Chachiwiri chimene kanemayo sanakuonetseni ndi mphepo. Motorhome mbali zake n'zazitali ndi zosalala ngati khoma la nyumba. Basi kapena thiraki ikamakupitirirani, mphuno yake ikafika pa inu mumva galimoto ikukankhidwira kumanzere, ndipo ikamamaliza kudutsa mumva ikukukokerani kwa iyo. Koyamba mtima umadumpha. Musalimbane nacho chiwongolero, ndipo musaponde buleki. Gwirani ndi manja awiri, chepetsani mafuta pang'ono, wongolani mofatsa. Mukazolowera kuyang'ana galasi lakumanja, muziiona ikubwera ndipo muzikhala mutakonzeka.

Magalasi a m'mbali ndiwo maso anu, poti lamkati lija m'magalimoto ambiri otere limangokuonetsani makatani. Akonzeni musananyamuke kuti muziona tayala lakumbuyo ndi mzere wa msewu. Ngakhale atakonzedwa bwino, pambali panu pamatsala malo pamene kagalimoto kakang'ono kapena njinga yamoto imabisala. Ku Joni a njinga zamoto amadutsa pakati pa mizere magalimoto akachulukana. Mukafuna kusintha mzere yatsani indiketa nthawi ikadalipo, dikirani, yang'anani kawiri, kenako lowani pang'onopang'ono. Ndipo chepetsani kusinthasintha. Mzere wakumanzere kwenikweni uli ndi vuto lake: ndi umene olowa mumsewu amathiramo, ndipo pena umapatuka wonse n'kukutulutsani. Pamene pali mizere inayi ndipo zotulukira zachuluka, wachiwiri kuchokera kumanzere ndi umene umapatsa mtendere.

Popeza galimotoyo ili ku Boksburg, simukufunikanso kudutsa pa Buccleuch, pamene N1, N3 ndi M1 zimakumana, malo amene ngakhale eni dera amawadandaula. Tengani R21, yodutsa pafupi ndi bwalo la ndege la OR Tambo, mukalowe N1 chakufupi ndi Pretoria. Zikwangwani zake n'zabuluu ndipo zimapachikidwa pamwamba pa msewu. Tsatirani Pretoria, kenako Polokwane. Mukaphonya potulukira, pitirirani mpaka potulukira pena mukatembenuke. Musaime, musabwerere chambuyo, musadule mizere itatu nthawi imodzi chifukwa foni yakuuzani kuti mukhote.

Nthawi yonyamukira ikuchotserani theka la mavuto. Pakati pa sabata, kuyambira cha m'ma 6 mpaka 9 m'mawa ndiponso madzulo anthu akamaweruka, msewu wa pakati pa Johannesburg ndi Pretoria umadzaza. Lachisanu masana anthu a ku Limpopo amakhamukira kwawo kudzera N1 yomweyo. Pa Isitala ndiye musayerekeze, chifukwa mabasi a mpingo wa ZCC amakhala akupita ku Moria kufupi ndi Polokwane, ndipo mu Disembala aliyense wa ku Zimbabwe ndi kuno kwathu amakhala akulowera ku Beitbridge, chipata cha malire a South Africa ndi Zimbabwe. Ine ndikanasankha Lamulungu, kutangocha. Nyengo ya dzinja kumeneko mvula yamabingu imakonda kugwa masana, pena ndi matalala, ndiye kulawira kumathandiza pawiri.

Loweruka lake likhale loyeserera. Pitani ndi alamu anu pamalo oimika magalimoto opanda anthu, muzungulire, mubwerere chambuyo iwo ataima pamene mukuwaona pagalasi. Muone mmene matako a galimotoyo amakhotera kunja mukamakhota, poti kuseri kwa matayala akumbuyo kumatsala gawo lalitali limene limakwapula zipilala ndi mapampu a mafuta. Yezani msinkhu wake ndi tepi, kuphatikizapo zonse zili padenga, mulembe nambalayo pakapepala mumate pafupi ndi chiwongolero. Tsekani botolo la gasi. Khomani makabati onse ndi chitseko cha firiji, chifukwa mapoto akagwa kumbuyo muli pakati pa mathiraki, khosi limatembenuka lokha. Thanki ya madzi musaidzaze: lita iliyonse ndi kilogalamu imodzi. Ndipo yang'anani zaka za matayala. Magalimoto amenewa amakhalitsa poima, ndiye tayala limaoneka la mano abwinobwino pamene m'mbali mwake mwang'ambikang'ambika.

Mukapitirira Pretoria msewu umapepuka, koma konzani ndalama ya zipata zolipira: Pumulani, Carousel, Kranskop, Nyl, Capricorn ndi Baobab musanafike ku Musina. Zija za e-toll, zolipiritsa galimoto osaima, za mu Gauteng (chigawo cha Joni ndi Pretoria) anazithetsa mu 2024. Pamene msewu watsala mzere umodzi mbali iliyonse, mudzaona anthu akupatukira kuseri kwa mzere wachikasu kuti wakumbuyo adutse, iye n'kuthokoza ndi mahazadi. Zimaloledwa masana okha ndiponso pamene mukuona patali bwinobwino. Wina akakuunikirani kumbuyo muli pa kona kapena pa chitunda, musapatuke, adikire. Kuchokera ku Joni kufika ku Beitbridge ndi makilomita oposa 500, ndipo pa liwiro lanuli limenelo ndi tsiku lathunthu. Imani maola awiri aliwonse, mutsike, muwongole miyendo ndi zala. Mukagone ku Musina, za pachipata cha Beitbridge mukazione m'mawa mutu uli bwino. Za mapepala a galimoto ndi msonkho wa MRA alamu anu akambirane ndi ejenti inu musanakwere basi, nkhani imeneyo ndi yaitali payokha.

Kunena zoona, ine chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri pa ulendo wanuwu ndi chakumapeto. Mukadzadutsa Harare, Nyamapanda, Tete, n'kulowa pa Dedza, mudzakhala mutatopa ndipo mudzayamba kudziona ngati mwafika. Koma M1 yathu ndi yopapatiza, ya njinga, mbuzi ndi ana asukulu m'mbali, ndipo galimotoyo ndi yotakata kuposa imene manja anu anaizolowera. Mu Chikangawa musadutsemo usiku kapena chifunga chitatsika. Ndipo tsiku limene mudzatsikire nayo ku Nkhata Bay, iwalani mmene mumatsikira ndi Sienta: lowetsani giya yotsika musanayambe kutsetsereka, injini izigwira galimoto, mabuleki muzingowakhudza. Mukamva fungo la mabuleki, imani pambali azizire musanapitirire.