Kabureta isiyeni achimwene, vuto lili pa zatsopano mwaikazo

Achimwene, imani kaye, kabureta musaikhudze. Ndaona ena pamwambapa akuti mukaitsukitse, wina akuti ndi mavalavu, winanso akunamizira petulo wa m'zigubu. Ayi ndithu. Mwanena nokha kuti Datsun 1200 yanuyo imalira bwinobwino musanasinthe mapulagi, mawaya, platinado (mapointi otsegula ndi kutseka magetsi) ndi bobina (koyilo yokweza magetsi opita ku mapulagi), kudumpha kwa injiniku kwayamba mutangotseka boneti. Nanga kabureta yalakwa chiyani? Ndangowerenga funso lanu mtima wanga wachita kuti myuu, chifukwa zomwezi zinandigonetsa pamsewu ndi apongozi anga mu Okutobala 2022, ndipo mpaka lero ndikamva fungo la matimati owola ndimakumbukira tsiku limenelo.

Yanga ndi Nissan 1400 ya 1986, anandisiyira malemu bambo, iwo anaigula ku Joni. Injini yake ndi A14, yanuyo ndi A12, ndi pachibale, zambiri n'zofanana. Inalibe vuto lililonse galimotoyo. Ine ndi amene ndinaputa mavu osakhala bwino. Ndinati poti ndili ndi ulendo wa ku Tete, makilomita opitirira 200 kuchokera kuno ku Ulongwe, ndiisangalatseko ndi zida zatsopano. Ndinapita nayo kwa makaniko wina wake, dzina sinditchula koma akudzidziwa, mwinanso ali m'gulu lomwe lino akuwerenga mwakachetechete. Anandiuza kuti tisinthe zonse tsiku limodzi: mapulagi onse anayi, mawaya, kapu ya distribyuta (chogawira moto ku mapulagi), rota yozungulira m'kati mwake, platinado, kondensa ndi bobina. Zida anakagula yekha. Mametikali 6,500 anapita, kuphatikiza ya manja ake. Nditafunsa zida zakale anati wazitaya kudzala, n'zakutha, mukazitani bwana.

Poiliza pa galaja pake inalira ngati nyimbo. Chimenecho ndiye chimapusitsa, injini ikakhala yozizira zonse zimaoneka bwino.

Tinanyamuka 5 koloko m'mawa. Kumbuyo matumba 8 a mbatata ya kachewere ndi madengu a matimati, zopita ku msika wa Kwachena. Kutsogolo ine, mayi akunyumba pakati, apongozi aakazi kuchitseko, akupita kukaona chidzukulu chobadwa kumene ku Matundo. Inu mukudziwa kuchepa kwa kabini ya 1400, ndiye muganize munthu ndi apongozi m'kabokosi kameneko, ine maso pamsewu osacheuka ngakhale pang'ono. Kuzizira kwa kumtunda kuno inayenda bwino. Titayamba kutsika, mphepo n'kuyamba kufunda, ndinamva kakugwedeza kamodzi, ngati munthu wakukoka malaya kumbuyo. Ndinati mwina ndi dzenje. Tisanafike pa mphambano ya Mussacama kanabweranso, kawiri. Titalowa msewu waukulu wochokera ku Zóbuè, dzuwa litakwera, zinthu zinaipa. Ndikaponda mafuta pakachitunda imatsokomola, pu pu pu, kenako phwaa ku ekizozi ngati mfuti, mbuzi za m'mbali mwa msewu kubalalika. Giya yachinayi yakana, yachitatu yakana, ndikukwawa ndi yachiwiri, kumbuyo kwanga thanki ya mafuta ikuliza hutala mpaka m'mutu kuwawa. Apongozi sanayankhule ndi ine, mwambo wake mukuudziwa. Anangouza mwana wawo motsitsa mawu, "Tawafunsa akamwiniwo, kodi tifika lero?" Mawu amenewo anandilasa kuposa hutala ija.

Inazima tisanafike ku Moatize, malo opanda nyumba pafupi, mthunzi wake kamtengo ka msawu kamodzi basi. Amene simunafikeko kumeneko mwezi wa Okutobala simungamvetse. Chitsulo cha boneti osagwirika, phula likuchita kunyezimira, malole a malasha akamadutsa akukuthira fumbi lakuda m'kamwa. Ndinadikira mphindi 20, ndikuliza, yalira bwinobwino ngati sinalakwe kanthu. Tayenda makilomita atatu kapena anayi, yayambanso, yazima. Kudikira, kuliza, kuyenda pang'ono, kuzima. Kanayi konse. Kachisanu batire inayamba kufooka, ndipo mayi akunyumba anatsika kukankha, apongozi nawo n'kutsika kuti athandize. Mayi wa zaka zoposa 60, wavala chitenje chake chatsopano cha kuchikuta, akukankha galimoto ya mkamwini yodzaza mbatata. Ndinalakalaka nthaka itang'ambika ndilowemo.

Ndinamuimbira makaniko uja. Koyamba anati ndi petulo wosakaniza ndi madzi. Ndinamuuza kuti ndathira pa bomba, osati wa m'mabotolo. Anati ndiye ndi kabureta, mumasule muuzire majeti. Ine kupusa, ndinamasuladi pamsewu pomwepo, pafumbi, kasipuling'i kena n'kugwera m'mchenga, tinakafuna anthu atatu theka la ola. Kumuimbiranso, akuti bwana injini imeneyo yakalamba, mavalavu apsa, mubwere nayo tiitsitse. Kachinayi foni anazimitsa. Munthu woti dzulo lake lomwe wadya ndalama zanga! Madzi akumwa anatsala botolo limodzi, matimati kumbuyo ayamba kuchucha, ntchentche zadzaza. Tinagona pomwepo. Akazi awiri m'kabini, ine pamwamba pa matumba a mbatata kulondera, udzudzu ukundidya, tulo osabwera.

M'mawa kunatulukira mdala wina pa njinga, wanyamula nkhuku. Anaima, kupereka moni kwa apongozi mwaulemu, kenako kwa ine, "Mwanawanga, yatani?" Ndinamufotokozera mwaulesi, ndimaganiza angonditayitsa nthawi. Anati ailize aimve. Inalira, anaisiya ikulira mphindi khumi, kenako anaika dzanja pa bobina n'kulichotsa msangamsanga. "Iyi mungawotchepo chimanga." Anatsatira waya wochokera ku kiyi ndi chala, n'kupeza kachidutswa koyera kaja konga choko, kamakhala pafupi ndi bobina, kali lende, mawaya ake awiri atapotedwa pamodzi n'kukulungidwa tepi. Makaniko wanga anakadumphitsa dala! Pambuyo pake nditamufunsa anati n'zachikale zimenezo, zimachepetsa moto.

Apa mvetsetsani achimwene, chifukwa mwina ndi pomwe pali vuto lanu. Kachidutswa kameneko ndi rezisita. Bobina za magalimoto a platinado zilipo mitundu iwiri. Ina mukaiyeza ndi kamita ka magetsi pa timiyendo take tiwiri imawerenga pafupifupi ma ohm 1.5, imeneyo siyenda yokha, imafuna rezisita kuti aichepetsere magetsi injini ikamalira. Imalandira magetsi onse a batire panthawi yoliza yokha, kuti moto ukhale wamphamvu sitata ikamakoka. Ina imawerenga pafupifupi ma ohm 3, imeneyo rezisita saifuna. Mukaika ya 1.5 popanda rezisita imamwa magetsi ochuluka, imatentha, ikatentha moto umafooka, ndipo platinado imapsa. Mukaika ya 3 pamodzi ndi rezisita, moto umachepa, pachitunda imadumpha. Ndiye pali bobina za magalimoto a ilekitironiki, zosafika ndi ohm imodzi yomwe, zimenezo platinado zimaidya tsiku limodzi. Kunja zonse zimaoneka chimodzimodzi, ndipo wogulitsa m'sitolo angokuuzani kuti ndi ya 12 volts, imalowa paliponse.

Mdala uja anatsegula kapu ya distribyuta. Platinado ya tsiku limodzi inali itasanduka yabuluu, mbali imodzi kadzenje, mbali inayo kachulu. Anagwedeza mutu nati kondensa nayonso ndi yabodza, chifukwa ntchito yake ndi kuletsa moto kuthetheka pakamwa pa platinado, ndiye ikafa platinado imapsa chonchi ndipo ku mapulagi kumapita moto wofooka. Yatsopano, ya m'kabokosi, yakufa kale kapena imafa ikangotenthedwa. Anakwera njinga, nkhuku kutisiyira, patapita ola anabwera ndi distribyuta yadzimbiri ya galimoto ina yomwe inafera kwawo kalekale. Anachotsamo kondensa yakuda bii ndi mafuta n'kuiika mwanga. Platinado anaipala ndi mbali yokhakhala ya bokosi la machesi, mpata wake anayeza ndi kachikatoni ka bokosi lomwelo. Rezisita anaibwezera m'malo. Bobina inali ikadali yotentha, ndiye apongozi anavula mpango wawo kumutu, kuunyowetsa ndi madzi otsala aja, kupatsa mwana wawo kuti andipatse. Tinaikulunga bobina ndi mpango wa apongozi. Tinalowa mu Tete choncho, osadumpha ngakhale kamodzi. Mdalayo anakana ndalama, anangotenga ndowa ya mbatata. Matimati theka tinataya.

Chomwe chimandiwawa mpaka pano si matimati ayi. Patapita masabata awiri ndinapita kwa makaniko uja kukamuuza mawu, ndipo pa shelefu pake ndinaona bobina ya bambo anga, ya ku Japan, yomwe inayenda zaka zoposa 30 osadandaula, ili ndi kachizindikiro ka penti yofiira komwe bambo anapaka okha. Yomwe anati wataya kudzala. Akuigulitsa! Ndinaitenga osapempha, iye osayankhula kanthu. Anthu oterewa ndi amene akupha magalimoto akale kuno. Anazolowera za masiku ano zongochotsa n'kuika china, platinado saidziwa n'komwe, koma kuvomera kuti sadziwa ndiye ayi.

Tsono inu chitani izi. Zida zakale ngati muli nazo, bwezerani chimodzichimodzi, kuyambira kondensa, kenako bobina, kenako rota ndi kapu. Mukabwezera chimodzi, yendani mpaka injini itenthe bwino, osangoiliza pakhomo. Pomwe kudumpha kusiyire, mwampeza wakuba. Koma musanatero onani mawaya, chifukwa n'zaulere. Moto umayenda 1-3-4-2, silinda yoyamba ndi ya kufupi ndi radiyeta. Kusemphanitsa awiri n'kosavuta, ine ndemwe ndinazichitapo nditatsuka injini, ndinatukwana galimoto tsiku lonse pomwe wolakwa ndinali ine. Kanikizani waya aliyense mpaka alowe kuti tswii, ku pulagi ndi ku kapu komwe. Injini ikulira payokha, zulani waya mmodzimmodzi ndi pulayala ya zogwirira za pulasitiki, apo ayi ikumenyani mpaka m'chigongono. Silinda yomwe mwazula koma kulira osasintha, ndiyo yagona. Sinthanitsani pulagi yake ndi ya silinda ina, vuto likasamuka ndi pulagi. Nthawi zina choyera cha pulagi chija chimang'aluka pomanga ndi sipanala yolakwika, mng'alu wake osaoneka ndi maso.

Mundiuzenso nthawi yomwe imadumpha, simunanene. Ikamadumpha kuyambira m'mawa ili yozizira, osasintha, ndi mawaya osemphana kapena pulagi imodzi. Ikamayamba itatentha, n'kuchira mukaipumitsa, ngati yanga ija, ndi kondensa kapena bobina. Ikamadumpha pachitunda pokha kapena mutanyamula katundu, onani mpata wa mapulagi, ukhale 0.8 mm, osakhulupirira kuti poti ndi atsopano ndiye ali bwino. Usiku kumdima tsegulani boneti injini ikulira, mawaya abodza mudzaona timoto tabuluu tikudumphira ku chitsulo. M'kati mwa kapu onani kakhala ka pakati ngati kalipo ndipo kakukankhika, komanso yerekezani rota yatsopano ndi yakale, zina zimabwera zazifupi pang'ono. Mpata wa platinado ndi 0.45 mpaka 0.55 mm, ndipo mukausintha taimingi, nthawi yomwe moto umafika ku pulagi, nayo imasuntha, ndiye yambani mpata, taimingi pambuyo. Pa kamu ya distribyuta pakani girizi pang'ono chabe, ngati kambewu ka mpunga, kupanda apo kachidendene ka platinado yatsopano kamadyeka msanga, mpata n'kutsekeka musanathe mwezi. Kapaipi ka mpweya kochokera ku kabureta kupita ku distribyuta nakonso anthu amaiwala kukabwezera.

Gulani fila geji yoyezera mpata ndi kamita koyezera magetsi, muzichita nokha, musamapatse aliyense galimoto imeneyo. Za bokosi la machesi zisiyeni, n'zapamsewu, ngakhale kunena zoona mpata umene anaika mdala uja ndinayenda nawo miyezi isanu osaukhudza. Ndipo musagule zida zotchipa za m'misika, itanitsani zenizeni ku Joni kapena ku Lilongwe kudzera pa Calómuè, olo zidule. Komabe kondensa yomwe ili m'galimoto mwanga lero ndi ya mdala yomwe ija, ndinagulapo ziwiri zodula zili m'kabati, ndikuopa kuichotsa. Mukatopa nazo ikani kiti ya ilekitironiki m'malo mwa platinado, anzanga awiri anatero ndipo sadandaula, koma muonetsetse kuti bobina ikugwirizana nayo, ndipo platinado ndi kondensa muziyenda nazo m'kathumba, chifukwa ilekitironiki ikafera pa Mussacama palibe mdala wa nkhuku angaipale ndi machesi.

Jambulani bobina yanuyo, zolembedwa pathupi pake zioneke, ndi mawaya onse ofika pamenepo, muponye pano. Ndiona madzulo ndikachoka kudimba. Ndipo ngati zida zakale zili kwa makaniko, pitani mukazitenge lero lomwe asanazigulitse.