Amayi a ku Katete afunsa: bwanji boma silingotseka juga?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa amayi ena a ku Katete kuno ku Zambia. Anapatsa mwana wawo K400 kuti akalipire feteleza wa FISP, iye nkukaithera pa kandege, juga ija ya pa foni. Kenaka anagulitsa mobisa matumba awiri a soya, akuti abweze zimene zinadyedwa. Funso lawo ndi ili: "Bwanji boma likupereka laisensi kwa anthu amenewa m'malo mowatsekera?"

Amayi, pepani kwambiri. Mwana wanu si mfiti ayi, ndipo sanalodzedwe. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linaika chizolowezi cha juga m'buku lake la matenda, ICD-11, limene linayamba kugwira ntchito mu 2022. Kuthamangira kubweza zimene wadyedwa, monga anachitira ndi soya uja, ndi chimodzi mwa zizindikiro zake.

Kutsekeratu sindikuvomereza. Juga yamasiku ano ili m'thumba, pa foni. Mukatseka mashopu obetchera a ku Kapata muno mu Chipata, mnyamata adzabetcha pa makampani akunja amene boma silingawagwire pamkono. Laisensi ndi chingwe: ng'ombe yomangidwa umatha kuikoka.

Chondiwawa nchakuti chingwecho tikuchigwiritsa ntchito pokama mkaka basi. Mu 2025 boma linaika msonkho wa 10 peresenti pa ndalama yobetchera, ndipo mkangano wonse unali wa ndalama. Za thanzi la obetcha tinamva zochepa. Malamulo athunso ndi omwazika: kubetcha kuli ndi lamulo lake, Betting Control Act, makasino lawo, malotale lawo, ndipo anayamba kulembedwa kusanabwere Airtel Money ndi MoMo.

Tsiku lina madzulo ndinaima pa kagolosale m'komboni muno mu Chipata. Pakhonde panali makina a bonanza, atawazungulira anyamata atatu ovala yunifomu, zikwama zili kumsana. Wamng'ono kwambiri anali ndi botolo lopanda kanthu, lomwe anamutuma nalo saladi. Anaponya khobidi, nkuponyanso, kenaka anangoyang'ana botolo lija. Mwini sitolo sanatukule ngakhale mutu. Msinkhu wololedwa ndi zaka 18, koma ndani anafunsa NRC pamenepo?

Ine ndikufuna laisensi yokhala ndi mano. Kampani itsimikize NRC isanalandire ngwee. Munthu adziikire malire a ndalama pa sabata. Wofuna kusiya alembetse kamodzi, makampani onse amutsekere khomo. Ku Britain njira imeneyi ilipo, amaitcha GAMSTOP, ndipo mu 2020 analetsanso kubetcha ndi makhadi a ngongole. Kuno zikanatanthauza kuletsa kubetcha ndi ngongole za pa foni. Gawo la msonkho lipite kwa alangizi m'zipatala zathu. Wophwanya izi alandidwe laisensi.

Pakali pano, amayi, musamubwezere ngongole mwakachetechete. Itanani amalume ake mukhale pansi, ndalama za munda muzisunga nokha, ndipo mupite naye kuchipatala mukafunse oona za matenda a maganizo. Mukamva akunena zodzipha, musadikire kuti kuche.