Matayala a MGB ya malemu malume: ndigule ati ndalama zili zochepa?

Sabata ino ndasankha kalata ya bambo wina wa ku Matawale kuno ku Zomba. Ndaifupikitsa, koma mutu wake ndi uwu:

"Malemu malume anga anandisiyira galimoto yakale, MGB yopanda denga, ya mipando iwiri, mawilo ake a masipoko. Makaniko waidzutsa ndipo injini ikulira bwino. Ndikufuna ndiziichititsa hayala pa maukwati ndi pojambulitsa zithunzi. Matayala ake analembedwa 165 SR 14, mizere yake ikadali yakuya, koma makaniko akuti ndisinthe. M'mashopu saiziyi sindikuipeza. Wina akundiuza kuti ndiitanitse enieni a galimoto zakale ku South Africa, wina akuti ndiike a minibasi poti ndi olimba, wina akundipatsa a kaunjika. Ndalama zomwe ndili nazo zikukwana atsopano awiri kapena a kaunjika anayi. Nditani?"

Achimwene, pepani ndi imfa ya malume, ndipo zikomo kuti simunathamangire kugulitsa galimotoyo kwa a zitsulo. MGB inkapangidwa ku Abingdon, ku England, kuyambira 1962 mpaka 1980, ndipo zotsala zoyenda m'dziko muno ndi zowerengeka. Chimenecho ndiye chuma chanu: mkwati wofuna Mercedes aipeza paliponse, wofuna iyi abwera kwa inu.

Makaniko wanu akunena zoona, ndipo mungathe kudzitsimikizira nokha lero lomwe. Tengani kansalu konyowa, gwadani pambali pa tayala, pukutani m'mbali mwake mpaka muone zilembo zoti DOT. Tsatirani mzere wa zilembo ndi manambalawo mpaka kumapeto. Ngati simukuupeza wonse, uli mbali ya m'kati, muunikire ndi tochi ya foni. Matayala opangidwa kuyambira chaka cha 2000 amathera ndi manambala anayi: awiri oyamba ndi sabata, awiri otsiriza ndi chaka. Mukaona 2223, tayalalo linapangidwa sabata ya 22 m'chaka cha 2023. Mukapeza manambala atatu okha, monga 347, ndiye kuti linapangidwa chaka cha 2000 chisanafike. Kalembedwe koti 165 SR 14 ndi kakale, choncho ndikuganiza kuti anu muwapeza m'gulu limeneli.

Apa ndi pomwe eni galimoto zakale ambiri amapusitsika. Tinazolowera kuweruza tayala ndi chala, kulowetsa m'mizere kuti tione ngati lasalala. Pa minibasi ya Zomba–Limbe njira imeneyo ndi yoona, chifukwa tayala limatha ndi msewu lisanakalambe. Galimoto ya malume yakhala ili chiimire, tayala lake latha ndi zaka. Labala amauma, amalimba ngati chikopa chouma padzuwa, amachita ming'alu yaing'onoing'ono pansi pa mizere ndi m'mbali, ndipo mawaya a m'kati amayamba kulekana naye. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Makampani akuluakulu opanga matayala, kuphatikizapo Michelin, amalangiza kuti tayala likakwana zaka 5 liziunikidwa chaka chilichonse, ndipo likakwana zaka 10 lichotsedwe ngakhale likuoneka bwino. Tsono taganizirani msewu wotsika ku Ku Chawe, makona aja motsatizana, chifunga chitagwa, phula litanyowa, pampando wanu pali mkwatibwi wa eni. MGB ilibe ABS (makina oletsa mawilo kuuma n'kutsetsereka mukaponda buleki mwadzidzidzi), ilibe zikwama za mpweya zotchinjiriza anthu pa ngozi, ilibe denga. Chomwe chikuigwirizira pamsewu ndi labala yekhayo.

Mfundo yomweyi ndi imene ikuphetsa maganizo a kaunjika. Galimoto ya maukwati imayenda pang'ono: kutenga mkwatibwi kunyumba, kutchalitchi, ku Botanic Gardens kukajambulitsa, kuholo, basi. Mizere simudzaimaliza. Chomwe mukugula ndi ndalama zanu ndi zaka, ndipo tayala la kaunjika wina anadya kale zaka zabwinozo. Likakhala la zaka 6 pomwe mukuligula, mwatsala ndi zochepa kuti mubwererenso kumsika. Komanso simudziwa kuti linagundapo chiyani. Ine ndinagulapo lotere pa galimoto yanga, mizere yakuya yosiririka, wogulitsa akulumbira kuti langotsika kumene. Patangotha milungu itatu linatupa chotupa ngati dzira m'mbali ndili pafupi ndi Namadzi, ndipo ndalama ija inapita yonse. Palinso msampha wina: ambiri mwa matayala obwera ndi galimoto za ku Japan ndi a nyengo ya chipale chofewa. Mumawadziwa ndi timizere tambirimbiri topyapyala tokhotakhota, mawu oti studless, kapena kachizindikiro ka phiri. Labala wake ndi wofewa, anapangira kuzizira, ndipo pa phula lotentha la mu Okutobala amatha msanga komanso buleki imachedwa kugwira.

A minibasi nawonso ndikukuletsani, ngakhale amene anakuuzaniyo sananame kuti ndi olimba. Mukaona chilembo C kapena LT pafupi ndi saizi, monga 165R14C, kapena 6PR ndi 8PR, tayalalo analipangira galimoto yonyamula katundu. M'mbali mwake ndi mokhuthala kuti lisenze matumba a chimanga. MGB imalemera pafupifupi tani imodzi yokha, ilibe mphamvu yolipinditsa tayala lotere kuti likhale bwino pansi. Zotsatira zake galimoto imadumphadumpha, dzenje lililonse limafika mpaka m'msana mwa wokwera, ndipo kugunda konseko kumapita ku masipoko ndi ku mashoko omwe ndi ovuta kuwapeza kuno kuposa tayala.

Za kuitanitsa kunja, matayalawo alipodi. Michelin XAS ndi Pirelli Cinturato CA67 amapangidwabe pa saizi ya 165 R14 chifukwa cha galimoto zonga yanu, ndipo ndi amene amaikhala bwino koposa. Koma muwerengere mtengo wake m'ndalama zakunja, kuwanyamula, msonkho wa MRA, ndi kuvuta kopeza ndalama zakunjazo ku banki. Kumbukirani kuti kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo chilichonse chochokera kunja chinakwera nayo. Ndiye limodzi likang'ambika pa mwala Lachisanu, ukwati uli Loweruka, mukalipeza kuti? Amenewo mudzawaganizire bizinesi ikadzayamba kudzilipira yokha. Palibe mkwati amene amawerama kuwerenga dzina la tayala.

Chomwe ndikukulangizani ndi matayala anayi atsopano a galimoto wamba, a kampani yodziwika koma ya mtengo wapakati, pa saizi yoyandikana ndi yakale. Ndifotokoze manambalawo pang'ono kuti wogulitsa asakusokonezeni. Pa 165 SR 14, nambala 165 ndi kutambalala kwa tayala m'mamilimita, R akutanthauza mtundu wa radial, 14 ndi kukula kwa rimu m'mainchesi. Nambala ya pakati sinalembedwe, koma kalembedwe ka masiku ano saiziyi ndi 165/80R14, kutanthauza kuti msinkhu wa m'mbali ndi 80 peresenti ya kutambalala. Tayala lonse kuchokera pansi kufika pamwamba limakwana mamilimita pafupifupi 620. Yambani mwafunsa saizi imeneyo ku Limbe ndi ku Blantyre, yopanda C. Mukaipeza, nkhani yatha.

Mukailephera, pali ziwiri zomwe sizisowa m'mashopu. Yoyamba ndi 175/70R14, yomwe imavala Toyota Sienta yakale, zija zadzaza pa siteji. Imakwana mamilimita pafupifupi 601, kutanthauza kuti ndi yaifupi ndi 3 peresenti. Wotchi ya liwiro ikamaonetsa 100, mukhala mukuyenda pafupifupi 97, zomwe si vuto. Vuto ndi lakuti galimoto imatsika ndi pafupifupi sentimita imodzi, ndipo MGB ndi yotsika kale. Ekizozi yake ili pafupi ndi nthaka, ndipo mahampu athu ndi misewu ya fumbi yolowera m'makomo mukuidziwa. Yachiwiri ndi 185/70R14, yomwe imapezeka pa Premio ndi Allion zakale. Iyi imakwana mamilimita pafupifupi 615, pafupi kwambiri ndi yoyambirira, choncho msinkhu wa galimoto ndi wotchi sizisintha kwenikweni. Koma ndi yotambalala ndi masentimita awiri. MGB ilibe power steering, ndiye chiwongolero chimalemera mukamakhota pang'onopang'ono pabwalo la tchalitchi, ndipo kumbuyo tayala likhoza kukhuza bodi galimoto ikapendekeka pa kona. Mawilo a masipoko a galimotoyi ndi opyapyala, ambiri ndi mainchesi anayi ndi theka, ndiye 185 imakhala yothina pamenepo.

Ine pa mawilo a masipoko ndikanatsamira ku 175/70R14, n'kumadutsa mahampu mopingasa komanso modekha. Koma musagule anayi musanayese. Pemphani a shopu aveke limodzi kumbuyo, atsitse jeke, anthu awiri akhale m'galimoto, inu mulowetse dzanja pakati pa tayala ndi bodi mbali zonse ziwiri. Kenaka aliike kutsogolo, mukhotetse chiwongolero mpaka kumapeto uku ndi uku. Zoposa 185, kapena zija zofupika m'mbali zomwe achinyamata amakonda, musayerekeze.

Pambuyo pa saizi pamakhala nambala ndi chilembo, monga 84T kapena 88H. Nambala 84 ikutanthauza kuti tayala limodzi limanyamula makilogalamu 500, 88 ndi 560. Chilembo ndi liwiro: S ndi makilomita 180 pa ola, T ndi 190, H ndi 210. Akale anu ndi S, ndiye T ndi yokwanira, musalipire zoonjezera pa zilembo zapamwamba. Chomwe muumirire ndi deti. "Latsopano" la mushopu likhoza kukhala kuti lagona pa shelefu zaka zinayi. Werengani DOT pa tayala lililonse musanapereke ndalama, sankhani osapitirira chaka chimodzi kapena ziwiri, onse anayi akhale a mtundu umodzi, ndipo mutenge lisiti lolembedwa saizi ndi dzina la tayala.

Mawilo a masipoko ali ndi ndalama zake zobisika zomwe simunaziike mu bajeti. Mpweya umatulukira m'mabowo a masipoko, choncho pamafunika machubu ngakhale tayala litalembedwa tubeless. Gulani machubu atsopano a saizi yoyenera, osabwezeramo akale a zigamba. Pakati pa rimu pamakhala lamba wa labala wophimba mitu ya masipoko, monga pa njinga ya kabaza, akhale watsopano. Woveka tayala achotse timapepala tomata tomwe timakhala m'kati mwa tayala latsopano, chifukwa timakhula chubu mpaka kuboola. Tayala likachoka, menyani masipoko limodzilimodzi ndi sipanala yaing'ono: lolimba limalira bwino, lomasuka limangoti phu. Onjezani ndalama ya balansi ndi alayimenti, ndipo imani pomwepo akamagwira ntchito, chifukwa rimu yotere ikapindika ndi chitsulo chotsegulira simuipeza pa msika wa Zomba.

Tsopano ku thumba. Pa galimoto ina ndikanati gulani awiri, muwaike kumbuyo, ena mudzagule mwezi wamawa. Pa yanu ayi, chifukwa otsalawo ndi okalamba mofanana. Gulani awiriwo panopa mitengo isanasinthe, mutagwirizana ndi a shopu kuti ena awiri a mtundu womwewo akusungireni. Muwasunge m'chipinda chozizira, chopanda dzuwa, kutali ndi mafuta. Galimoto isanyamule munthu mpaka anayi atakwana. Katapila musamuyandikire pa nkhani iyi. Chiwongoladzanja chake chimawerengedwa pamwezi, pomwe maukwati amabwera mwa nyengo. Ngati muli mu banki mkhonde, kumeneko kuli bwino, bola mubwereke zomwe malipiro anu a pamwezi angabweze ngakhale ukwati usapezeke.

Ndipo galimotoyo ikhoza kuyamba kulowetsa ndalama ili chiimire. Itsukeni, ipukuteni, muiike pamalo okongola pakhomo, mugwirizane ndi wojambula zithunzi mmodzi. Ophunzira a ku UNIMA omaliza maphunziro, a zinkhoswe, a masiku obadwa, oimba ofuna vidiyo, onsewa amalipira kuti ajambulitse pambali pa chinthu chosowa. Ndalama imeneyo musaisakanize ndi ya ndiwo. Itsegulireni malo akeake pa Mpamba kapena Airtel Money mpaka matayala awiri otsalawo atakwana. Sipeya ndi yokhayo yomwe ndingalole kuti ikhale yogwiritsidwapo kale ntchito, bola ikhale ya saizi yomweyo, yosapitirira zaka 5, yopanda chigamba m'mbali.

Mukadzayamba hayala, matayala alowe mu mtengo wanu. Tiyerekeze kuti muwasintha pakatha zaka 6 ndipo mukupeza maukwati 15 pachaka: ndi maulendo 90. Gawani mtengo wa matayala, machubu ndi kuveka ndi 90, muonjezereko pang'ono poti mitengo imakwera, ndipo ndalama imeneyo muziipatula pa ukwati uliwonse. A inshuwalansi muwauze poyera kuti galimoto izinyamula anthu olipira, ndipo COF ikhale ya nthawi yake.

Pakati pa maukwati, galimoto izigona pamthunzi, dzuwa lisamawombe matayala. Yezani mpweya kamodzi pamwezi m'mawa matayala asanatenthe, motsatira buku la galimotoyo osati nambala yolembedwa pa tayala, poti imeneyo ndi malire chabe. Pakatha milungu iwiri iliyonse muziitulutsa, kufika ku Thondwe n'kubwerera, kuti matayala asaphwatalale mbali imodzi. Mukawerenga DOT ija mundilemberenso manambala omwe mwapeza, pamodzi ndi kutambalala kwa rimu, tidzaone limodzi ngati 175 ikukhala bwino.