Kuchokera ku Davidson kufika ku Golden State: yankho pa funso lokhudza Stephen Curry

Mmodzi mwa owerenga anzathu ananditumizira imelo sabata yatha. Iye akuti anamva kuti Stephen Curry anakanidwa ndi makoleji akuluakulu a ku America ali mnyamata, ndipo akufunsa kuti munthu wokanidwa chotero anafika bwanji mu ligi ya NBA, komanso ngati dzina la koleji lili ndi mphamvu pa tsogolo la wosewera basketball. Zikomo kwambiri chifukwa cha funso lanu, ndipo ndiyesetsa kuliyankha mofatsa.

Choyamba tidziwe kuti ku America wosewera sagulidwa ndi timu ali wamng'ono monga momwe zimakhalira pa mpira wamiyendo ku Ulaya. Ambiri amadutsa m'makoleji, komwe amasewera pansi pa bungwe la NCAA, ndipo m'masiku a Curry malipiro awo anali maphunziro aulere, chakudya ndi malo ogona basi. Chaka chilichonse NBA imachita mwambo wotchedwa draft, pomwe matimu 30 amasankha osewera atsopano pafupifupi 60 mosinthana, ndipo matimu omwe sanachite bwino ndiwo amakhala ndi mwayi woyamba kusankha. Chotero koleji ndiye bwalo lomwe mnyamata amadzionetsera kwa omwe adzamulembe ntchito.

Curry anabadwa pa 14 March 1988 ku Akron, m'chigawo cha Ohio, koma anakulira ku Charlotte komwe bambo ake, a Dell Curry, ankasewera mu timu ya Hornets. Khumbo lake linali lopita ku Virginia Tech, komwe makolo ake onse awiri anaphunzira ndi kusewera, koma sukuluyo sinamupatse malo a maphunziro aulere. Inangomulola kuti abwere ngati woyeserera. Aphunzitsi a makoleji otchuka ankaona mnyamata wowonda ndi wamfupi, yemwe ankaoneka kuti sangapirire kukankhana kwa anyamata amphamvu. Amene anaona zina ndi a Bob McKillop, mphunzitsi wa Davidson College, sukulu yaing'ono ya pafupi ndi Charlotte yomwe ophunzira ake onse sankafika 2,000.

Pali nkhani imodzi ya sabata yake yoyamba mu 2006 yomwe, kwa ine, ikufotokoza zonse. M'masewero ake oyamba, olimbana ndi Eastern Michigan, Curry anataya mpira kwa adani maulendo 13, chiwerengero chomwe n'chochititsa manyazi kwa wosewera aliyense. A McKillop sanamukhazike pabenchi. Tsiku lotsatira anamubwezeranso m'bwalo, ndipo anagoletsa mapointi 32 polimbana ndi Michigan. Ndimakhulupirira kuti akanakhala pa koleji yaikulu, komwe mphunzitsi amakhala ndi anyamata ena odziwika atatu oyembekezera malo omwewo, zolakwa 13 zija zikanamukhazika pansi kwa miyezi, mwinanso chaka chathunthu. Ku Davidson anapatsidwa mpira, nthawi ndi ufulu wolakwitsa, ndipo anamaliza chaka chimenecho akugoletsa mapointi oposa 21 pa masewero aliwonse.

Dziko lonse la America linamudziwa mu March 2008, pa mpikisano wa NCAA womwe wogonja amatulukiratu nthawi yomweyo. Davidson inali isanapambaneko masewero a mpikisanowu chiyambire 1969. Curry anagoletsa mapointi 40 pogonjetsa Gonzaga, kenako 30 pogonjetsa Georgetown, ndipo 25 mwa mapointi amenewa anabwera m'chigawo chachiwiri timu yake itatsalira kwambiri. Anawonjezera 33 pothamangitsa Wisconsin, ndipo sukulu yaing'onoyo inapezeka pakati pa matimu asanu ndi atatu otsala. Ulendowo unathera kwa Kansas, yomwe inapambana 59 kwa 57 ndipo pambuyo pake inatenga chikhocho. M'masekondi otsiriza Curry, atatsekerezedwa ndi adani awiri, anapatsira mnzake Jason Richards, yemwe anaponya koma mpira sunalowe. M'nyengo imeneyo Curry analowetsa mipira 162 ya mapointi atatu, yomwe imaponyedwa kuchokera kunja kwa mzere wakutali, ndipo panalibe wosewera wa pakoleji amene anafikapo pamenepo.

Anthu ambiri akamasimba nkhaniyi amadumpha chaka chachitatu, chonsecho ndicho chinamukonzera ntchito. Akanafuna akanatha kulowa draft ya 2008 dzina lake lili pakamwa pa aliyense, koma anabwerera kusukulu. Richards anali atamaliza maphunziro, motero Curry anatenga malo ake a point guard, wosewera amene amatsogolera mpira, kuyendetsa timu ndi kugawira anzake. Kale ntchito yake inali kuthamanga opanda mpira mpaka apeze mpata woponya; tsopano anayenera kudzipezera yekha mpatawo mpira uli m'manja, adani onse akumuyang'ana. Pa msinkhu wake wa pafupifupi mamita 1.88, sakanakhalitsa mu NBA ngati woponya chabe, chifukwa malo amenewo amakhala a anthu aatali kumuposa. Ngakhale anali kuphunzira udindo watsopano, anatsogola m'dziko lonse pogoletsa mapointi 28.6 pa masewero aliwonse. Tsiku lina timu ya Loyola ya ku Maryland inamuikira omulondera awiri kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Iye anangokaima pakona kuti anzake anayi asewere ndi adani atatu, sanagoletse pointi ngakhale imodzi, koma Davidson inapambana ndi mapointi 30.

Pa draft ya 2009 kukayika kuja kunali kusanathe. Blake Griffin anasankhidwa koyamba, ndipo wachiwiri anali Hasheem Thabeet wa ku Tanzania, yemwe anachokera ku University of Connecticut, imodzi mwa sukulu zotchuka pa masewerowa. James Harden anali wachitatu. Timu ya Minnesota inali ndi mwayi wosankha kawiri motsatizana, pa nambala 5 ndi 6, ndipo inatenga Ricky Rubio ndi Jonny Flynn, onse osewera pa malo a Curry omwewo. Golden State Warriors ndiyo inamutenga pa nambala 7. Apa ndi pomwe yankho la funso lanu lachiwiri lili: dzina la koleji limathandiza kuti wosewera aonedwe msanga ndi kusankhidwa pamwamba, popeza olemba osewera amakhulupirira kwambiri munthu amene wakhala akulimbana ndi matimu amphamvu sabata ndi sabata, koma mphamvu ya dzinalo imathera pa usiku wa draft. Thabeet sanakhazikike mu ligiyi, ndipo Flynn, wochokera ku Syracuse, anasokonezedwa ndi kuvulala kwa chiuno n'kutulukamo patangopita zaka zochepa.

Curry nayenso anatsala pang'ono kugwa m'dzenje lomwelo. Akakolo ake a mwendo wakumanja ankabinya kawirikawiri, anachitidwa opaleshoni mu 2011 ndi mu 2012, ndipo mu nyengo ya 2011 mpaka 2012 anasewera masewero 26 okha mwa 66. Pamene Warriors inamupatsa mgwirizano wa zaka zinayi wa madola 44 miliyoni chakumapeto kwa 2012, ambiri ankati timuyo ikutaya ndalama pa munthu wosachira. Iye anasintha kaphunzitsidwe ka thupi lake, n'kulimbitsa chiuno ndi ntchafu kuti akakolo asamanyamule okha katundu wa kutembenuka kwadzidzidzi. Mu February 2013 anagoletsa mapointi 54 ku Madison Square Garden mumzinda wa New York, ndipo nyengoyo anaimaliza ndi mipira 272 ya mapointi atatu, kuposa aliyense m'mbiri ya ligi kufikira nthawiyo.

Zotsatira zake mukuzidziwa kale, choncho ndingozitchula mwachidule. Motsogozedwa ndi a Steve Kerr, Warriors inatenga chikho mu 2015, choyamba chiyambire 1975, kenako mu 2017, 2018 ndi 2022. Curry anasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse mu 2015 ndi 2016, ndipo ulendo wachiwiriwo mavoti onse anapita kwa iye, zomwe zinali zisanachitikepo, ngakhale kuti chaka chomwecho timu yake inaluza chikho kwa Cleveland itatsogola kale 3 kwa 1 pa ndime yomaliza, pomwe timu yoyamba kupambana masewero anayi ndiyo imatenga chikho. Pa 14 December 2021 anapitirira mipira 2,973 ya mapointi atatu ya Ray Allen, yemwe kufikira nthawiyo ndiye anali atalowetsa yochuluka kuposa aliyense m'mbiri ya ligi, ndipo mu 2024 anapata mendulo ya golide ya Olimpiki ku Paris.

Chomwe chimandikhudza mtima n'chakuti nkhani yake ndi Davidson sinathe mu 2009. Anachoka asanamalize digiri, ndipo sukuluyo inali ndi lamulo loti sipumitsa nambala ya jezi ya wosewera amene sanatsirize maphunziro, kaya atchuke motani. Curry anamaliza maphunziro ake a sociology mu 2022, patatha zaka 13, ndipo mu August chaka chomwecho Davidson inamukonzera mwambo womupatsa digiri yake ndi kupachika nambala 30 m'bwalo lomwe ankasewera pansi pa a McKillop.